Khungwa la Ubongo: Kuyeza Chinthu Chosakhudzika

Amene anaswapo mutu wa mbuzi pa tsiku la chikondwerero amaudziwa ubongo. Ndi wofewa ngati phala lozizira, wamakwinya ngati chitenje chimene chagona m'chikwama sabata yathunthu. Mukaudula pakati ndi mpeni wakuthwa n'kuuyang'anitsitsa padzuwa, mudzaona kuti si wamtundu umodzi. M'kati ndi woyera, koma m'mphepete monse muli kamzere kotuwirako kamene kamalondola kwinya lililonse, kutsika nalo ndi kukwera nalo osaduka. Madokotala amakatcha cortex, mawu a Chilatini otanthauza khungwa la mtengo. Dzinali linagwa pake, ndipo ifenso m'nkhani ino tizingoti khungwa la ubongo.

Mwa munthu wamkulu, khungwali ndi lokhuthala pafupifupi mamilimita 2.5, kusiyana pang'ono ndi kamtengo ka machesi. Pena limapyapyala mpaka kuyandikira milimita imodzi, pena limafika mamilimita 4.5. M'kachikuto kopyapyalaka muli maselo a ubongo okwana pafupifupi 16 biliyoni, ndipo ndi mmene mumachitikira zambiri zimene timati ndi ife: kuzindikira nkhope ya mayi, kumva tanthauzo la mwambi, kusankha mawu oyenera pamaso pa apongozi, kulamula chala kuti chigwire singano. Choyera cham'katicho ndi mitolo ya timitsempha totumiza mauthenga kuchokera dera lina kupita lina. Kuyerako kumabwera ndi mafuta otchedwa myelin amene amakuta timitsemphati monga mmene pulasitiki imakutira waya wa magetsi.

Makwinyawo ali ndi chifukwa. Khungwa lonse litayalidwa pansi lingafanane ndi nsalu ya masentimita pafupifupi 45 m'litali ndi 45 m'lifupi. Nsalu yotere singalowe m'chigaza popanda kuikwinya, n'chifukwa chake ubongo uli ndi mizere ndi makwawa ngati munda wogalauzidwa. Magawo awiri mwa atatu a khungwali ndi obisika m'makwawamo. Chodabwitsa n'chakuti khungwa la munthu limaposa la mbewa pafupifupi ka 1,000 potambalala, koma pokhuthala limangoliposa kawiri kapena katatu. Chilengedwe pokulitsa ubongo chinafutukula nsaluyo, kukhuthala kwake n'kukusiya pafupi ndi pamene kunali. Choncho khungwa likayamba kupyapyala, ngakhale ndi kachigawo kochepa ka milimita, akatswiri amafuna kudziwa chimene chachititsa.

Nthawi ya mpeni ndi galasi

Kuyeza khungwa la ubongo kunayamba makina ojambulira asanabwere. M'chaka cha 1909, dokotala wa ku Germany dzina lake Korbinian Brodmann anatulutsa buku logawa khungwali m'madera 52 malinga ndi mmene maselo amasanjikizanira akawaona pa galasi lokulitsa zinthu. Mbali yaikulu ya khungwa ili ndi mipanda isanu ndi umodzi yosanjikizana, ndipo kukula kwa mpanda uliwonse kumasintha malinga ndi dera. Manambala a Brodmann akugwirabe ntchito mpaka lero. Mu 1925, Constantin von Economo ndi Georg Koskinas anatulutsa ku Vienna ntchito yaikulu kuposa pamenepa, momwe analemba kukhuthala kwa dera ndi dera.

Chimodzi mwa zimene anthuwa anaona chimapezeka pa khwawa lalitali limene limatsika kuchokera pa liwombo kulowera cha kukhutu. Tsidya la kutsogolo kwa khwawali kuli dera lolamula minofu kuti iyende, ndipo ndi limodzi mwa madera okhuthala kwambiri muubongo wonse. Tsidya la kumbuyo kuli dera lolandira zimene khungu lamva, ndipo ndi limodzi mwa opyapyala kwambiri. Madera awiriwa ndi oyang'anizana ngati nyumba za m'mphepete mwa kamtsinje kamodzi, koma lina limaposa linzake pafupifupi kawiri. Kunkhongo, dera loyamba kulandira zimene maso aona nalonso ndi lopyapyala. Anaonanso kuti pamwamba pa mzere khungwa limakonda kukhuthala, pansi pa khwawa n'kupyapyala.

Ntchitoyi inali ndi zokhoma zitatu. Choyamba, ubongo unali wa munthu wakufa, ndipo mankhwala ouumitsira amaufwetsa. Chachiwiri, munthu mmodzi ankayezedwa kamodzi basi, moti palibe akanaona mmene khungwa lake linasinthira pa zaka khumi. Chachitatu ndi vuto limene aliyense wosenda chinangwa angalimvetse. Mukadula chinangwa mowongoka, khoko lake limaoneka monga lilili. Mukachidula mopendeketsa, khoko lomwelo limaoneka lokhuthala kawiri. Pa chinthu chamakwinya ngati ubongo, mpeni umene wadula mowongoka pano ukhala utadula mopendeka pataliko pang'ono. Von Economo ndi Koskinas anayesetsa kulambalala vutoli podula ubongo timapisi ting'onoting'ono, kalikonse molunjika kwinya lake. Inali ntchito ya zaka.

Kuona m'mutu mwa wamoyo

Zinthu zinasintha ndi makina a MRI. Paul Lauterbur wa ku America anaonetsa njira yake mu 1973, Peter Mansfield wa ku Britain anapeza njira yofulumizitsira kujambulako, ndipo awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2003. Makinawa sagwiritsa ntchito cheza cha X-ray. Munthu amagona chagada pa kabedi kamene kamalowa m'mphako yozunguliridwa ndi maginito amphamvu zedi. Thupi lathu ndi lodzala madzi ndi mafuta, ndipo zonsezi zili ndi tizigawo ta haidrojeni timene timakhala ngati timaginito ting'onoting'ono. M'mphakomo timaginitoti timatsata mbali ya maginito aakuluwo. Makina amatumiza mafunde a wailesi amene amatisuntha, ndipo pamene tikubwerera m'malo timatulutsa kachizindikiro kamene makina amatola. Haidrojeni wa m'mafuta amabwerera msanga, wa m'madzi amachedwa. Kusiyana kumeneku ndiko kumasanduka chithunzi.

Pa mtundu wa chithunzi chimene oyeza khungwa amagwiritsa ntchito, chotchedwa T1, choyera cham'kati chimawala, khungwa limatuwa, ndipo madzi ozungulira ubongo amada bii. Wojambulidwayo amangomva phokoso ngati la chigayo, atavala zotseka m'makutu, ndipo amauzidwa chinthu chimodzi: musagwedeze mutu. Pakatha mphindi zingapo, mutu wake wonse umakhala mu kompyuta utagawidwa timabokosi, kalikonse milimita imodzi mbali zonse, ngati kanjere ka mawere. Kabokosi kalikonse kamasunga nambala imodzi yosonyeza kuwala kwake.

Apa mpamene pagona nkhani. Ngati khungwa ndi mamilimita 2.5 ndipo kabokosi ndi milimita imodzi, ndiye kuti khungwa lonse limangodzaza timabokosi tiwiri kapena titatu. Kuwerenga timabokosi kungafanane ndi kuyeza kutalika kwa mwana ndi ndodo yopanda zizindikiro. Komanso malire a khungwa salemekeza malire a timabokosi. Kabokosi kena kamakhala theka khungwa theka choyera, kena theka khungwa theka madzi. M'makwawa othina, makoma awiri amagundana moti kamzere ka madzi kowalekanitsa sikaoneka, ndipo makungwa awiri amaoneka ngati limodzi lokhuthala. Ndipo vuto la chinangwa lija silinachoke: dokotala woyang'ana chithunzi chimodzi pa kompyuta ndi rula m'manja akuyang'anabe ubongo wodulidwa mopendeka.

Maukonde awiri

Njira imene inafala kwambiri inafotokozedwa m'chaka cha 2000 ndi Bruce Fischl ndi Anders Dale a ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston. Iwo pamodzi ndi anzawo anapanga pulogalamu ya kompyuta yotchedwa FreeSurfer, imene aliyense angathe kuitenga kwaulere pa intaneti. Nzeru yake ndi yosiya kuyang'ana ubongo ngati mulu wa zithunzi zodulidwa, m'malo mwake kuumba khungwa lonse mu kompyuta monga lilili, ndi mizere ndi makwawa ake.

Kompyuta imayamba ndi kusenda. Imachotsa khungu, chigaza, maso ndi zikuto za ubongo, n'kukonza kuwala kuti mbali ina ya chithunzi isawale kuposa inzake chifukwa cha makina. Kenaka imafunafuna choyera cham'kati, poti ndicho chosavuta kuzindikira, n'kuchikuta ndi ukonde wa timakona titatu ting'onoting'ono. Pa theka lililonse la ubongo, ukondewu umakhala ndi mfundo zoposa 100,000. Umenewu ndiwo malire am'kati a khungwa.

Ukondewu uyenera kukhala wopanda chiboo ndi wopanda mlatho, chifukwa khungwa lenileni ndi nsalu imodzi yosang'ambika. Koma chithunzi chimanamiza: pena mizere iwiri yoyandikana imaoneka ngati yalumikizana, pena pamaoneka dzenje pamene palibe. Kompyuta imafufuza malo otere n'kuwasoka. Ikatero, imatenga ukonde womwewo n'kuyamba kuukankhira kunja pang'onopang'ono, mfundo iliyonse ikudutsa m'khungwa mpaka itakumana ndi mdima wa madzi. Ukondewu saulola kudzipyoza wokha, choncho m'makwawa othina aja mbali ziwiri zimaima pamene zakumana. Pamapeto pake pamakhala maukonde awiri, wam'kati ndi wakunja, ndipo khungwa ndi chimene chili pakati pawo.

Nanga malire amapezeka bwanji m'kati mwa kabokosi kamene kali ndi nambala imodzi yokha? Ganizirani tiyi wamkaka. Mayi wozolowera akangoyang'ana mtundu wake amadziwa ngati mkaka wachuluka kapena wachepa. Kabokosi kamene kali theka choyera theka khungwa kamakhala ndi kuwala kwapakati, ndipo kuwalako kumaulula kuchuluka kwa chilichonse. Kompyuta imaika malire pamene kuwala kukusintha mwamsanga kwambiri, kwinaku ikukumbukira kuti khungwa limapindika mosalala, silithyokathyoka. Mfundo iliyonse imathandizidwa ndi zinzake zoyandikana nazo. Motero muyeso umatha kutsika pansi pa milimita imodzi ngakhale timabokosi ndi ta milimita yathunthu.

Kuyeza kwenikweniko kumabwera pomaliza. Kuchokera pa mfundo ya ukonde wam'kati, kompyuta imapeza malo apafupi kwambiri pa ukonde wakunja n'kuyeza mtundawo. Imabwerezanso kuchokera kunja kulowa m'kati, n'kutenga nambala yapakati pa ziwirizo. Imachita izi pa mfundo iliyonse, ndipo ntchito yonse ya mutu umodzi imatha kudya maola angapo. Njirayi itayesedwa poyerekeza ndi ubongo wa anthu omwalira woyezedwa pamanja, manambala anagwirizana bwino, ndipo khwawa lija la pa liwombo linatuluka monga analionera a ku Vienna: kutsogolo kokhuthala, kumbuyo kopyapyala.

Kuti anthu awiri ayerekezedwe pamafunika chinthu chinanso, popeza makwinya a munthu aliyense ndi akeake. Kompyuta imapopa ukonde uja ngati chibaluni mpaka makwawa onse atatuluka poyera, n'kuusandutsa mpira. Mipira ya anthu osiyana imatembenuzidwa ndi kukokedwa mpaka makwawa akuluakulu atagwirizana. Apo tsono dera lolankhulira la munthu uyu lingayerekezedwe ndi dera lolankhulira la uyo. Mapu amene ambiri amagwiritsa ntchito, otchedwa Desikan-Killiany, anatuluka mu 2006 ndipo amagawa theka lililonse la ubongo m'madera 34.

FreeSurfer si yokhayi. M'chaka chomwecho cha 2000, Stephen Jones ndi anzake anaonetsa njira yoyeza motsatira mizere yokhota imene imachoka pa malire am'kati n'kukafika pa akunja osapingasana, pogwiritsa ntchito masamu akale a Laplace. Ku Montreal Neurological Institute ku Canada anapanga pulogalamu yawo yotchedwa CIVET. Mukapereka chithunzi chimodzi ku mapulogalamu awiri, manambala satuluka ofanana ndendende. Zili ngati ndowa ya chimanga: ya pamsika uno ndi ya pamsika uko zonse ndi ndowa, koma wochenjera sagula ndi ina n'kukagulitsa ndi ina.

Zimene manambala aonetsa

Phunziro loyamba ndi la msinkhu. Mu 2022, gulu lalikulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Richard Bethlehem ndi Jakob Seidlitz linasonkhanitsa zithunzi zoposa 120,000 za anthu oposa 100,000, kuyambira ana osabadwa mpaka nkhalamba za zaka 100. Anapeza kuti khungwa limafika pachimake pokhuthala mwana asanakwanitse zaka 2, pamene kutambalala kwake kumapitirira kukula mpaka cha m'ma zaka 11. Likadutsa pachimake pokhuthala paja limanka lipyapyala moyo wonse, mofulumirirako paunyamata, mwapang'onopang'ono paukulu. Mwana wa sitandade 1 ali ndi khungwa lokhuthala kuposa la aphunzitsi ake. Ichi chokha n'chokwanira kutichenjeza kuti kukhuthala kwa khungwa si muyeso wa nzeru.

Phunziro lachiwiri ndi la matenda. Mu matenda a Alzheimer, amene amachititsa okalamba kuiwala mpaka maina a ana awo, khungwa silipyapyala paliponse mofanana. Limayamba kudyeka m'dera lam'kati cha kufupi ndi makutu, khomo limene zinthu zatsopano zimalowera kuti zikumbukike, kenaka vutolo limafalikira kumadera ena. Madera olamula minofu ndi oona amakhudzidwa mochedwa. N'chifukwa chake agogo otere amatha kuyenda bwinobwino, kusenda mbatata ndi kuimba nyimbo za pa utsikana wawo, koma osakumbuka kuti adya kale. Pa magulu a anthu, kupyapyalaku kumayamba kuoneka zizindikiro zisanakule. Matenda a Huntington ali ndi madera awo amene amadya, ndipo matenda ena a maganizo monga schizophrenia amasonyezanso kupyapyala pang'ono, makamaka cha kumphumi ndi m'mbali.

Nthawi zina vuto limakhala kukhuthala kopitirira. Mwa anthu ena odwala khunyu losamva mankhwala, gwero lake ndi kadera kakang'ono kamene sikanaumbike bwino mwana ali m'mimba. Pamenepo khungwa limatha kukhala lokhuthala, malire ake ndi choyera cham'kati osaoneka bwino. Kaderaka kamatha kubisala pansi pa khwawa, diso la dokotala n'kukaphonya. Kompyuta yoyeza mfundo ndi mfundo imathandiza kukaloza, ndipo kakapezeka madokotala a opaleshoni amatha kukachotsa.

Pamene muyeso umanama

Kusintha kumene akatswiri amasaka ndi kochepa zedi. Zimene khungwa la munthu wokalamba wathanzi limataya pa chaka sizifika n'komwe pa kukhuthala kwa tsitsi limodzi. Pa muyeso waung'ono chotere, kanthu kalikonse kamasokoneza.

Mdani woyamba ndi kugwedezeka. Munthu akasuntha mutu pang'ono pojambulidwa, chithunzi chimachita chimbuuzi, ndipo kompyuta kawirikawiri imayeza khungwa ngati lopyapyala kuposa mmene lilili. Tsono amene amavutika kugona phee ndi ana, nkhalamba ndi odwala, anthu omwewo amene tikufuna kuwayerekeza ndi athanzi. Wofufuza wosasamala angalengeze kuti matenda apyapyalitsa khungwa pamene wangoyeza kusakhazikika kwa odwalawo.

Mdani wachiwiri ndi wobisika kwambiri. Kompyuta siona maselo, imaona kuwala. Mwana akamakula, mafuta aja a myelin amawonjezereka m'munsi mwa khungwa, ndipo malowo amayamba kuwala ngati choyera cham'kati. Malire amasunthira kunja, khungwa n'kuoneka ngati lachepa, pamene maselo ake ali pomwepo. Kafukufuku wa mu 2019 pa dera loona la ana anasonyeza kuti mbali ina ya kupyapyala kwa paubwana ndi yotere. Mawu amodzi akuti kupyapyala angatanthauze kukhwima mwa mwana ndi kufa kwa maselo mwa nkhalamba.

Palinso makina. Mphamvu ya maginito imayezedwa mu tesla, ndipo ambiri oyeza khungwa amagwiritsa ntchito makina a matesla 1.5 kapena 3. Munthu mmodzi akajambulidwa pa makina awiri osiyana tsiku lomwelo, manambala amasiyana. Ngakhale kusintha pulogalamu kuchoka ku yakale kupita ku yatsopano kumasuntha zotsatira. Kompyuta imathanso kutenga chikuto cholimba cha ubongo kapena mtsempha wa magazi ngati khungwa. Pa chifukwachi, m'malo ofufuzira osamala mumakhala munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana zithunzi chimodzichimodzi, kulondola timizere ta maukonde awiri aja ndi maso, ndi kukonza pamanja pamene tasochera.

Zonsezi zikutifikitsa pa mfundo imodzi. Muyesowu ndi wamphamvu poyerekeza magulu akuluakulu a anthu, kapena potsata munthu mmodzi pa makina amodzi kwa zaka zingapo. Ndi wofooka pogamula za munthu mmodzi kuchokera pa chithunzi chimodzi, chifukwa anthu athanzi amasiyana okha kwambiri, moti wathanzi wina amakhala ndi khungwa lopyapyala kuposa wodwala wina. N'chifukwa chake akatswiri anayamba kuphatikiza mphamvu. Mgwirizano wotchedwa ENIGMA, umene unayamba mu 2009, umasonkhanitsa zotsatira za m'maiko ambiri, zonse zoyezedwa ndi njira imodzi.

Khadi la kusikelo

Ku Malawi, makina a MRI anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, makamaka pofuna kumvetsa malungo a muubongo mwa ana. Anali a matesla 0.35, ofooka poyerekeza ndi amene amayezera khungwa, koma anayankha funso lalikulu. Mu 2015, Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi matendawa amakhala ndi ubongo wotupa kwambiri, umene umapanikiza malo olamula kupuma. Funso lotsatira ndi la opulumuka, poti ena a iwo amatsala ndi khunyu kapena amavutika m'kalasi. Kutsata kakulidwe ka ubongo wa ana otere chaka ndi chaka ndi ntchito imene miyeso yonga ya khungwa inapangidwira.

Mayi aliyense amene anapitapo kusikelo amadziwa kale mmene muyeso wotere umagwirira ntchito. Mwana akakolekedwa pa sikelo, nambala ya tsiku limenelo payokha siuza zambiri. Chimene azaumoyo amayang'ana ndi kadontho kamene aika pa khadi: kali pati poyerekeza ndi ana ena a msinkhu womwewo, ndipo mzere wa madontho ukukwera kapena ukutsika? Akatswiri a mu 2022 aja ankafuna kupangira ubongo khadi lotere. Koma iwo eni anavomereza kuti zithunzi zawo zambiri zinachokera ku Ulaya ndi ku North America, za ku Africa zinali zochepa kwambiri. Maukonde awiri aja angayalidwe pa ubongo wa mwana wa ku Ndirande monga pa wa mwana wa ku Boston, ndipo nambala idzatuluka. Chimene chikusowa ndi ana anzake ochuluka oti nambalayo iyerekezedwe nawo.